Mzere wa anyani pa tisheti ndi zomwe mafupa akunena

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye a ndakatulo ndi a nkhani zazifupi mundikhululukire, lero sindikuunika buku koma chithunzi. Musathawe ayi. Chithunzi chimenechi chimasimba nkhani yathunthu, yokhala ndi poyambira, pakati ndi pothera, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense wa inu anachionapo, kaya m'buku, kaya pa foni, kaya pa malaya a munthu mu minibasi.

Ine ndimagulitsa kaunjika. Mwezi wathawu nditatsegula belo la matisheti ndinapezamo imodzi yakuda, yosasuluka n'komwe. Pachifuwa pake panali mzere uja: kumanzere kanyama konga nyani kakuyenda ndi miyendo inayi, kutsogolo kwake china chowerama, kenako china choweramuka pang'ono chitagwira mwala, kenako cha mkondo, mpaka kumapeto munthu woongoka bwino akuyenda monyadira ngati walandira kumene malipiro. Ndinaipachika pamwamba kuti iziitana makasitomala.

Anafika bambo ena achikulire, kasitomala wanga wa mathalauza. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Mayi, kodi inu mumapemphera?"

"Eya bambo, ndimapemphera."

"Nanga chitonzo ichi mwachipachikiranji? Ine agogo anga sanali nyani."

Mnyamata wina amene ankasankha majinzi pambalipo analowerera. "Madala, imeneyo ndi sayansi. Mufune musafune, tinachokera kwa anyani basi." Anakangana mpaka anzanga a mabenchi oyandikana anasiya malonda n'kumamvetsera. Mapeto ake mnyamatayo anagula tishetiyo osanenerera, kungofuna kuwapsetsa mtima akuluwo.

Ndalama ndinalandira, koma nkhaniyo sinandichoke m'mutu. Chimene chinandivuta n'chakuti awiriwa ankakangana chonsecho akugwirizana pa chinthu chimodzi. Onse ankakhulupirira kuti chithunzicho chikunena zimene ofukula mafupa anapeza, kungoti wina ankachikana, wina ankachivomera. Ine mfundo yanga lero ndi iyi: chithunzichi n'chokoma m'maso koma nkhani yake ndi yopotoka, ndipo mboni zochitsutsa kwambiri ndi mafupa eni akewo, makamaka amene anafukulidwa kumadera otentha ngati kwathu kuno.

Tiyambe ndi komwe chinachokera. Anachijambula ndi Rudolph Zallinger, ndipo chinatuluka mu 1965 ku America, m'buku lotchedwa Early Man lolembedwa ndi katswiri wa mafupa akale, F. Clark Howell. Poyamba chinali ndi zolengedwa 15 pa tsamba lalitali lopinda. Tsambalo likapindidwa zimaoneka 6 zokha, ndipo mzere waufupiwu ndi umene anthu anaukonda n'kuyamba kuukopera paliponse. Tinene chilungamo, mawu a m'bukumo ankachenjeza kuti zina mwa zolengedwazo sizinali makolo athu, zinali nthambi zomwe zinathera panjira. Koma ndani amalimbana ndi timalemba pamene chithunzi chayankhula kale? Ife amalonda timadziwa kuti kasitomala amagula chomwe chili pamwamba pa mulu.

Luso nalo lilipo, tisamumane munthu ulemu wake. Onse mumzerewo aponya mwendo mbali imodzi, diso limayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja monga timawerengera, ndipo mwana wa Sitandade 3 amachimva popanda womufotokozera. Wolemba aliyense muno angasangalale ntchito yake itamatirira m'mitu ya anthu kwa zaka 60 chonchi. Koma chimene chamatiriracho chili ndi zolakwika zitatu, ndipo ndikufuna tizione chimodzi chimodzi.

Cholakwika choyamba ndi mzerewo. Chithunzichi chimati kunali mtundu umodzi pa nthawi imodzi, wina akatha wina n'kulowa m'malo, ngati unyakwawa. Yankho lake lili konkuno ku Malawi.

Nkhani ya mafupa ndinayamba kuitsata nditaperekeza achemwali anga ku Karonga kukaoda mpunga. Podikira galimoto tinalowa m'nyumba yosungiramo zakale ija inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chinyama chachikulu chija cha Malawisaurus. M'menemo ndi momwe ndinamva koyamba za Uraha, ndipo kuyambira pamenepo bando langa la intaneti limathera zimenezi.

Mu 1991 gulu lofufuza lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku New York linapeza nsagwada ya m'munsi ku Uraha, kufupi ndi Chilumba. Inali itathyoka pawiri, mano ena akadalipo. Zaka zake zili pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni, kutanthauza kuti ili m'gulu la mafupa akale kwambiri a banja lomwe asayansi amalitcha Homo, lomwe ifenso tilimo. Anaipatsa nambala UR 501 n'kuiika ku mtundu wa Homo rudolfensis. Patapita zaka zisanu, mu 1996, ku Malema kufupi ndi tawuni ya Karonga kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya cholengedwa china, Paranthropus boisei. Ichi nachonso chinkayenda ndi miyendo iwiri, koma chinali ndi mano otafunira akuluakulu zedi ndi nkhope yotambalala. Zaka zake n'zofanana ndi za ku Uraha zija.

Taganizani abale. Mitundu iwiri yosiyana, dera limodzi, nthawi imodzi. Pa tisheti ija mungaiike pati? Ndani akhale kutsogolo kwa mnzake? Paranthropus sanasanduke ife ayi. Banja lake linakhala pa dziko zaka zoposa miliyoni imodzi, kenako linatha. Mtundu wathu wa Homo sapiens wakhala zaka pafupifupi 300,000 zokha, ndiye tisafulumire kumutcha wolephera.

Tidumphe zaka zambiri tifike kwa aneba athu ku Zambia. Mu 1921, pa mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe, ogwira ntchito anakumba chigaza chooneka bwino, chopanda nsagwada ya m'munsi, fupa la pamwamba pa maso lili lotundumuka kwambiri. Mano ake angapo ndi obooka, ndiye mwini wakeyo dzino linkamugoneka m'maso ngati ife tomwe. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankachiyesa cha zaka pafupifupi 500,000, ndipo chinkakwana bwino mumzere ngati gogo wotsogolera kwa ife. Mu 2020 atachiyezanso anapeza kuti ndi cha zaka pafupifupi 299,000. Nambala imeneyi inasokoneza mzere wonse, chifukwa pa nthawi yomweyo ku Jebel Irhoud ku Morocco kunali kale anthu a nkhope zonga zathu, ndipo kufupi ndi Johannesburg kunali Homo naledi, wa ubongo wa pafupifupi theka la lita pamene wathu umaposa lita imodzi. Mitundu itatu mu Africa mmodzi, nthawi imodzi.

Ku zilumba zotentha za ku Asia nkhani ndi yomweyi. Pa chilumba cha Java ku Indonesia, Homo erectus, amene mtundu wake unayamba zaka pafupifupi 1.9 miliyoni zapitazo, anali akadalipo zaka 110,000 zapitazo pa malo otchedwa Ngandong. Pa chilumba cha Flores, m'phanga la Liang Bua, mu 2003 anafukula mafupa a munthu wamkulu koma wotalika mita imodzi ndi pang'ono, ubongo wosakwana theka la lita, ndipo pamalopo panalinso zida za miyala. Anamutcha Homo floresiensis, ndipo mafupa a mtundu wake ndi a zaka za pakati pa 100,000 ndi 60,000. Ku Philippines, m'phanga la Callao pa chilumba cha Luzon, gulu la Armand Mijares linapeza kafupa ka phazi mu 2007, ndipo mu 2019 analengeza mtundu winanso, Homo luzonensis, wa zaka zosachepera 50,000. Nthawi yonseyi anthu onga inu ndi ine analipo kale. Chithunzi chija chimati thupi ndi mutu zimangokulirakulira. Wa ku Flores akuti ayi, ine ndinabwera mochedwa, ndine wamfupi, mutu wanga ndi waung'ono, ndipo ndinakhala bwinobwino.

Cholakwika chachiwiri n'chakuti chithunzichi chimaonetsa anthu athunthu, a mnofu, tsitsi ndi ndevu, ngati wojambulayo anakumana nawo pa msewu. Sichikuuzani kuti zomwe zili m'manja mwa akatswiri ndi zochepa bwanji. Wa ku Uraha ndi nsagwada basi. Sitikudziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi, khungu lake, msinkhu wake. Homo luzonensis analengezedwa ndi mano asanu ndi awiri, timafupa ta zala za kumanja ndi kuphazi, ndi chidutswa cha fupa la ntchafu. Zonsezo zikhoza kukwana m'thumba la epuloni yanga. Lucy wotchuka uja wa ku Ethiopia, wopezeka mu 1974, amatamandidwa chifukwa anapezeka magawo pafupifupi 40 pa 100 a mafupa ake. Wojambula akamawonjezera mnofu ndi kayendedwe, ambiri mwa zimenezo ndi basela wochokera m'mutu mwake, koma wogula amaona ngati zonse zinayezedwa pa sikelo.

N'chifukwa chiyani mafupa ndi ochepa chonchi? Apa m'pamene pali nkhani ya madera otentha. Inu nonse mukudziwa zomwe zimachitika mbuzi ikafera m'tchire nthawi ya dzinja. Afisi, agalu, nyerere, mvula ndi dzuwa, pakatha miyezi ingapo palibe chotsala. M'nkhalango za mvula yambiri dothi lake ndi lowawasa, limasungunula fupa. Kuti fupa lisanduke mwala liyenera kukwiririka msanga m'matope a nyanja kapena mtsinje, kapena m'phanga, kenako patapita zaka zankhaninkhani nthaka ing'ambike kapena ikokoloke kuti liwonekere, kenakonso padutse munthu wa diso lodziwa lisanaphwanyike. N'chifukwa chake mafupa ambiri amachokera m'chigwa chachikulu chija chodutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania mpaka ku nyanja yathu. Sikuti anthu akale ankakhala kumeneko kokha. Kumeneko ndi komwe nthaka inasunga.

Chitsanzo chomwe chinanditsegula maso ndi cha chimpanzi. Nyama imeneyi makolo ake akhala m'nkhalango za Africa zaka mamiliyoni, koma mafupa ake akale oyamba kudziwika analengezedwa mu 2005, ndipo anali mano atatu okha opezeka ku Kenya kufupi ndi nyanja ya Baringo. Ngati nkhalango inameza mafupa a chimpanzi chonchi, inameza a anthu angati? Kumadzulo kwa Africa konse, chimodzi mwa zigaza zakale zochepa zomwe zilipo ndi cha ku Iho Eleru ku Nigeria, chofukulidwa mu 1965. N'cha zaka pafupifupi 13,000 zokha, koma maonekedwe ake ena ndi a anthu akale kwambiri kuposa pamenepo. Ndiye kuti dera lalikulu la Africa lili ngati buku long'ambika masamba. Ngakhale mafupa a ku Flores aja sanali atasanduka mwala. Anali ofewa ngati pepala lonyowa, moti ofukulawo anachita kudikira kuti aume asanawanyamule.

Kutentha kumawononganso DNA. Ya anthu akale a ku Ulaya ndi ku Siberia inasungika m'mapanga ozizira, ndipo kafupa ka chala kochokera m'phanga la Denisova kanaulula mtundu wonse wa anthu mu 2010. Ku Flores anayesa kutenga DNA koma zinakanika. Kwathu kuno, mafupa a makanda a pa phiri la Hora ku Mzimba anapereka DNA ya zaka 14,000 kapena kuposerapo, ndipo imeneyi ili m'gulu la yakale kwambiri yomwe yapezeka kumwera kwa chipululu cha Sahara. Koma amenewo ndi anthu onga ife kale. Zaka 14,000 poyerekeza ndi 2.4 miliyoni ndi dzulo madzulo. Zotsatira zake nkhani ya anthu akale imapendekera kumayiko ozizira, komwe mboni zake zinasungika bwino, pamene mbali yaikulu ya nkhaniyo inachitikira kotentha.

Ngakhale zaka zomwe ndikutchulazi zili ndi njira yake yozipezera, ndipo njirayo imandisangalatsa kuposa chithunzi chija. Ku Kenya ndi ku Ethiopia mafupa amapezeka pakati pa miyalo ya phulusa la mapiri ophulika, ndipo phulusalo limayezeka zaka. M'miyala ya Chiwondo ku Karonga phulusa lotere mulibe. Ndiye akatswiri anadalira mafupa a nyama zopezeka pamodzi ndi nsagwadayo, makamaka mano a nkhumba zam'tchire zakale. Mano a nkhumbazi ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, ndiye ukawafananiza ndi a ku Kenya omwe zaka zake n'zodziwika, umapeza nthawi yake. N'chifukwa chake amanena kuti pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni, osatchula nambala imodzi. Ndiponso chigaza cha ku Kenya chomwe dzina la rudolfensis linachokera chinapezeka chopanda nsagwada ya m'munsi, ndiye akatswiri ena amakayika ngati ya ku Uraha ilidi ya mtundu umenewo. Ine munthu wondiuza kuti apa ndayeza, apa ndikuyerekeza, ndimamukhulupirira. Chithunzi cha pa tisheti chilibe mpata wa mawu oti mwina.

Cholakwika chachitatu ndi chimene chinawapweteka bambo aja, ndipo apa ndili kumbali yawo. Mzerewu uli ndi kopita, ndipo amene ali kutsogolo ndiye wopambana. Pa zithunzi zambiri zomwe ndaonapo, akumbuyo amakhala akuda ndi aubweya, ndipo khungu limanka liyera mpaka wotsogolayo. Munthu wakuda akachiona safunika sukulu kuti amve chomwe akuuzidwa. Ndipo mantha amenewa ali ndi pochokera. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo osungira nyama a Bronx ku New York kuti anthu azidzamuonerera. Mpaka lero osewera mpira akuda amaponyeredwa nthochi m'mabwalo a ku Ulaya. Ndiye mkulu akati ichi n'chitonzo, sakulota ayi.

Koma mafupa sanena zimenezo. Anthu onse ali moyo lero ndi mtundu umodzi, ndipo mtunduwo unayambira mu Africa. Palibe fuko lomwe lili kumbuyo kwa linzake pamzere. Ndiponso sayansi sinena kuti nyani wakuba chimanga m'munda mwanu ndi agogo anu. Sinenanso choncho za chimpanzi. Imati ife ndi chimpanzi tinasiyana kuchokera kwa kholo limodzi zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, aliyense n'kutenga njira yake. Ubale wotere pa Chichewa timautcha chisuweni. Ndiye mnyamata uja, ndi sayansi yake ya mufune musafune, nayenso anaphonya. Anatenga msuweni n'kumuika pa mpando wa agogo.

Kuwerama kuja nakonso n'kokayikitsa. Chithunzichi chimaonetsa msana ukuongoka pang'onopang'ono limodzi ndi kukula kwa mutu, ngati nzeru ndi zomwe zinatidzutsa. Koma ku Laetoli ku Tanzania, gulu la Mary Leakey linapeza mu 1978 mapazi odindika m'phulusa lonyowa lomwe linauma zaka 3.6 miliyoni zapitazo. Mapaziwo ndi a zolengedwa zoyenda chilili, chidendene pansi, chala chachikulu chili mumzere ndi zinzake, pamene mitu yawo inali yaing'ono pafupifupi ngati ya chimpanzi. Miyendo inayamba, mutu unabwera pambuyo kwambiri. Ndikawerenga za Laetoli ndimakumbuka nkhani ya makolo athu ya ku Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, ya mwamuna ndi mkazi oyamba amene anasiya mapazi pa thanthwe likadali lofewa. Sindikuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. Ndikungoti makolo athu anakumbukira kuika mkazi m'nkhani yawo.

Pa tisheti ija mulibe mkazi ngakhale mmodzi. Mulibe mwana, mulibe wobereka kumbuyo. Amuna okhaokha akuguba, ngati anabadwa pa mtengo. Chonsecho Lucy ndi wamkazi. Wa ku Flores uja, amene mafupa ake anapezeka ochuluka, ndi wamkazi. Ndipo mafupa oposa 1,500 a Homo naledi anayamba kutulutsidwa mu 2013 ndi akatswiri asanu ndi mmodzi, onse aakazi, amene anakwawa m'mpata wa phanga wopapatiza masentimita 18 pamalo ena.

Chimene chithunzi chimachita ndi nkhope, mayina nawo amachita ndi mawu. Nsagwada ya ku Uraha anaitola ndi Mmalawi wa m'gulu lofufuza lija, koma dzina lomwe imayenda nalo, rudolfensis, likuchokera ku nyanja ya Rudolf, yomwe lero ndi Turkana, ndipo Rudolf ameneyo anali mwana wa mfumu ya ku Austria. Chigaza cha ku Kenya chija anachipeza mu 1972 ndi Bernard Ngeneo, koma ndi angati amamudziwa? Cha ku Kabwe chinatchedwa Homo rhodesiensis, dzina lochokera kwa Cecil Rhodes. Mbiri imatchula mzungu wa ku Switzerland amene anali pa mgodipo, koma mnzathu wakuda amene ankakumba naye dzina lake silinalembedwe. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Dziko la Netherlands linavomera mu 2025 kubweza ku Indonesia mafupa omwe Eugène Dubois anafukulitsa ku Java kuyambira cha m'ma 1891, ndiye n'zotheka. Lucy anatchedwa choncho chifukwa cha nyimbo ya Beatles yomwe inkaimbidwa pa msasa wa ofukula, koma eni dziko amamutcha Dinkinesh, kutanthauza kuti ndiwe wodabwitsa. Mwaona kusiyana kwake dzina likaperekedwa ndi apabanja?

Mwina wina afunsa kuti, chabwino mayi, mwagwetsa chithunzi, nanga tiikepo chiyani? Ine ndingajambule tsiku la msika. Mabenchi ambiri nthawi imodzi, wina wa nsomba, wina wa tomato. Ena anakhalitsa, ena anangobwera nyengo imodzi n'kutseka. Ena anakwatirana, pakuti anthu ambiri a kunja kwa Africa ali ndi kachigawo kakang'ono ka DNA ya a Neanderthal, ndipo a ku Papua New Guinea ali ndi ya a ku Denisova aja. Mbali yaikulu ya msikawo ndingaisiye yosajambula, chifukwa sitinaione. Madzulo kwatsala benchi limodzi lokha, lomwe ndi ife, ndipo chifukwa chake akatswiri akadakambirana. Ndikuvomera kuti chithunzi changachi sichingakwane bwino pa tisheti, ndipo mwina sichingagulidwe. Cha Zallinger chinapambana chifukwa n'chosavuta. Koma chinthu chikakhala chosavuta chifukwa chataya theka la zoona, ife pamsika timati sikelo yabedwa.

N'chifukwa chake nkhaniyi ndaibweretsa m'gulu la olemba. Matenda a mzerewu ali m'nkhani zathu zomwe. Ndawerenga zambiri muno zomwe zimayenda ngati tisheti ija: mwana abadwira kumudzi ali wowerama, apita kusekondale aweramuka pang'ono, afika mu Lilongwe aongoka, akwera ndege wasanduka munthu. Otsala kumudzi amangokhala masitepe oti iye apondepo. Amayi ake amene anagulitsa mandasi kuti iye aphunzire amathera pa tsamba lachiwiri. Sindikuti tisalembe za munthu wotukuka. Ndikuti moyo suyenda choncho, ndipo amene sanakwere ndege ali ndi nkhani yawoyawo yathunthu, monga Paranthropus wa ku Malema anali ndi zaka zake miliyoni. Ndiponso tiphunzire kwa anthu a mano a nkhumba aja. Pomwe ukudziwa, nena molimba. Pomwe ukuyerekeza, owerenga adziwe kuti ukuyerekeza.

Za chikhulupiriro sindikulowamo. Aliyense ali ndi komwe amakamva Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu, ndipo ine ndili ndi kwanga. Pempho langa n'lakuti amene akukana akane chinthu chenichenicho atachiona, ndipo amene akuvomera avomere chenichenicho. Kukangana chifukwa cha chojambula cha 1965 chomwe eni ake anachiikira chenjezo ndi kutaya mate pachabe, pamene nsagwada yeniyeni inatuluka m'dothi lathu lomweli ndipo ana athu ambiri sanaimvepo.

Bambo aja anabweranso sabata yatha kudzafuna thalauza la kutchalitchi. Ndinawafotokozera za Uraha ndi Malema uku akuyesa m'chiuno ndi chingwe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukuti si agogo, ndi asuweni?"

"Akutero ofukulawo, bambo."

"Hmm. Asuweni ndiye aliyense ali nawo ena oti sawatchula pagulu." Anaseka, n'kunenerera thalauzalo mpaka ndinawachotsera. Sanavomere, ndipo ine sindinawakakamize. Koma pochoka anafunsa kuti Uraha ali mbali iti ukachoka pa Chilumba.

Ndiye funso lomwelo ndikulisiya kwa inu a ku Karonga amene muli muno. Amene munafikako ku Uraha kapena ku Malema, tiuzeni mmene malowo akuonekera ndi zomwe anthu a kumeneko amanena za mafupawa. Ndipo amene mukuona kuti chithunzichi ndachiweruza mopitirira, bwerani nazo, ndiziwerenga ndikaweruka kumsika.